Mawu oti "animus": chidani kapena cholinga? Mafunso ndi mayankho

Mawu oti animus mumakumana nawo m'zigamulo za makhoti, m'nyuzipepala za Chingelezi, komanso m'mabuku ofotokoza maganizo a munthu. Malo atatu onsewa amawagwiritsa ntchito mosiyana, ndipo womasulira amene wagwira tanthauzo limodzi lokha amatha kusandutsa gogo wofuna kulemba wilo kukhala munthu wachidani.

Kodi ndi mawu a chiyankhulo chanji, ndipo poyamba ankatanthauza chiyani?

Ndi a Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale chimene chinabala Chipwitikizi, Chifalansa, Chisipanishi ndi Chitaliyana. Kwa Mroma, animus inali mbali ya munthu imene imaganiza, imafuna, imalimba, imagwa ulesi, imakwiya. Mawu a Chichewa oyandikana nawo kwambiri ndi mtima, osati nyama yogunda m'chifuwa ija, imene Aroma ankaitcha cor, koma mtima umene timanena tikamati munthu ndi woipa mtima kapena wolimba mtima.

Kufananaku n'kodabwitsa mukaika ziganizo pamodzi. Mroma akati in animo habeo ankatanthauza kuti ndili nazo mumtima, ndikufuna kuzichita. Bono animo es ndi limba mtima. Aequo animo ndi kuchita zinthu mtima uli m'malo. Ex animo ndi kuchokera pansi pa mtima, ndipo uno animo ndi kugwirizana ndi mtima umodzi. Munthu wodziwa Chichewa amawamvetsa mawuwa msanga kuposa Mngelezi, chifukwa Chingelezi chimagawa zinthuzi m'mawu ambiri osiyana pomwe ife tinazisonkhanitsa kale mu mtima.

Tsinde lake lenileni ndi la kupuma. Ndi lomweli limene linapatsa Agiriki mawu oti anemos, kutanthauza mphepo.

Zinatheka bwanji kuti mawu amodzi atanthauze cholinga komanso chidani?

Taonani zimene timachita ndi mtima. Tikati "uyu ali ndi mtima wothandiza", tanena kumene mtima waloza. Koma tikangoti "uyu mtima wake uja", osawonjezera kanthu, aliyense amadziwa kuti sitikumuyamikira. Mawu osalowerera mbali akatsala okha amakonda kupendekera koipa.

Animus inayenda njira yomweyo. Ngakhale mu Chilatini inkatha kutanthauza ukali ndi kudzikuza, makamaka ikakhala mochulukitsa, animi. Maloya a ku Roma komanso amene anawalowa m'malo ku Ulaya konse anaisunga pa tanthauzo losalowerera mbali la cholinga. Koma mawuwa atalowa mu Chingelezi cha anthu wamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anatsamira ku mtima woipira wina. Lero Mngelezi akati munthu ali ndi animus pa mnzake, akunena kuti amamusungira chakukhosi.

Ndiye palibe kutsutsana kwenikweni. Chidani ndi cholinga cha mtundu umodzi, mtima umene waloza pa munthu kuti zisamuyendere.

Ndingadziwe bwanji tanthauzo limene wolemba akufuna?

Yang'anani mawu otsatira. Ngati pambuyo pa animus pakubwera mawu ena a Chilatini, makamaka othera ndi -ndi, monga possidendi, furandi, testandi, tanthauzo ndi cholinga basi, ndipo chidani musachilowetsemo. Ngati pakubwera mawu a Chingelezi oti against kapena toward kenako dzina la munthu kapena gulu, ndi chidani. Chimodzimodzi ngati kutsogolo kwake kuli mawu otchula mtundu, chipembedzo kapena ndale, monga racial animus: pamenepo ndi chidani cha tsankho. Ngati mawuwa ayendera limodzi ndi anima m'nkhani ya maloto ndi maganizo, muli m'buku la otsatira Carl Jung, dokotala wa maganizo wa ku Switzerland.

Patsala kagwiritsidwe kamodzi kosowa, kamene mumakapeza m'mabuku akale. Wolemba amatha kunena za animus ya buku kapena ya gulu la ndale, kutanthauza mzimu umene ukuliyendetsa. Mungaizindikire chifukwa sipakhala munthu amene akudedwa.

Nanga ka "-ndi" kakumapetoko ndi kachiyani?

Sikakhudzana ndi "ndi" wathu, kungofanana kwa mwangozi. Mu Chilatini, -ndi amasandutsa mneni kukhala "wa kuchita chakuti". Possidere ndi kukhala nacho chinthu m'manja, ndiye possidendi ndi "wa kukhala nacho". Furari ndi kuba, furandi ndi "wa kuba". Manere ndi kukhala pamalo, reverti ndi kubwerera, donare ndi kupereka mphatso, necare ndi kupha. Mukadziwa mneni, mwamasulira kale: animus furandi ndi mtima wakuba, animus donandi ndi mtima wopereka osayembekeza malipiro.

Nthawi zina mupeza animo m'malo mwa animus. Sikulakwitsa kulemba. Animo akutanthauza "ndi mtima wa", monga kunena kuti munthu anatenga njinga animo furandi, anatenga ndi mtima wakuba. Ophunzira ambiri amasokoneza awiriwa pa mayeso: animus ndi chinthucho, animo ndi mmene ntchito inachitikira.

Animus ndi anima n'chimodzimodzi?

Ndi pachibale koma si amodzi. Anima ndi mpweya wa moyo, umene ngakhale mbuzi ili nawo, ndipo n'kumene kunachokera mawu a Chingelezi oti animal, chamoyo chopuma. Animus ndi mbali yoganiza ndi kufuna. Mlakatuli wachiroma Lucretius, amene anakhalako zaka za m'ma 50 Yesu asanabadwe, analongosola kuti animus imakhala pakati pa chifuwa ndipo imalamula, pomwe anima inamwazikana m'ziwalo zonse ndipo imamvera. M'Chichewa tingati anima ili kufupi ndi moyo kapena mzimu, animus ili kufupi ndi mtima. Achewa a ku Zimbabwe akudziwa kuti malire amenewa ndi oterera, pakuti m'Chishona moyo ndiye mtima.

Kodi animus possidendi ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani imatchulidwa pa milandu ya malo?

Apa m'pamene mawuwa amagwira ntchito yolemera kwambiri. Loya wachiroma Paulus ananena kuti chinthu timachitenga kukhala m'manja mwathu ndi thupi komanso ndi mtima, osati ndi chimodzi chokha mwa ziwirizi. Thupilo ndi corpus: kulima, kumanga mpanda, kusunga kiyi. Mtimawo ndi animus possidendi: kufuna kuti malowo muziwalamulira inuyo, ena onse atalikire.

Kufunika kwake kumaoneka munthu akakhala pa malo a mwini kwa zaka zambiri popanda chilolezo, mwiniyo osadandaula, kenako n'kupempha khoti kuti malowo akhale ake. Milandu iwiri ya ku England imaonetsa pamene pali malire, ndipo maloya a m'mayiko amene anatengera malamulo a Angelezi, monga Malawi ndi Zambia, amaiwerenga kusukulu.

Woyamba ndi wa Powell ndi McFarlane, wa mu 1977. Mnyamata wa zaka 14 anayamba kudyetsa ng'ombe ya kwawo pa malo a munthu wina, n'kumamwetapo udzu. Woweruza Slade anati zimenezo sizikukwana. Mnyamata wodyetsa ng'ombe pa thengo la eni akungodyerera malowo, sakuonetsa dziko lonse kuti wawatseka.

Wachiwiri ndi wa kampani ya JA Pye ndi banja la Graham, umene bwalo la House of Lords, khoti lalikulu koposa la ku Britain pa nthawiyo, linagamula mu 2002. Kampaniyo inali ndi munda wa mahekitala opitirira 20 ku Berkshire, ikudikira chilolezo chomangapo nyumba. Inabwereketsa mundawo kwa a Graham kuti azidyetsapo ziweto mpaka pa 31 Disembala 1983, kenako inakana kuwonjezera mgwirizano. A Graham sanachoke. Anapitiriza kudyetsa ziweto, kuthira manyowa, kusadza mpanda wa zitsamba, ndipo kiyi wa pageti anali m'manja mwawo. Kampaniyo inangokhala chete zaka zopitirira 12, malire amene lamulo la ku England linkapatsa mwini malo kuti adandaule. Pozenga mlandu kunapezeka kuti a Graham akanalipira lendi akanauzidwa kutero, ndipo kampaniyo inagwira pamenepo: munthu wovomera kulipira angakhale bwanji ndi mtima wa mwini? Oweruza anayankha kuti lamulo silifuna mtima wokhala mwini, limafuna mtima wolamulira malowo pa nthawiyo. Munda unapita kwa a Graham.

Ku South Africa muyeso ndi wokwera. Lamulo la kumeneko la mu 1969 limafuna zaka 30, munthu akukhala poyera ngati mwini weniweni. Mtima umenewo umatchedwa animus domini. Mkangano woti mwa mitima iwiriyi wofunika ndi uti unayamba kale: katswiri wa ku Germany Savigny anaikira kumbuyo mtima wa mwini mu 1803, ndipo mnzake Jhering anadzamutsutsa mu 1889.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri pa milandu yotere ndi chilolezo. Amene anapatsidwa malo kuti "muzilima kaye" sakulimbana ndi mwini, ndiye zaka zake siziwerengedwa ngakhale zitakwana 40. China ndi kalata yovomereza kuti malo ndi a uje: ku England kalata yotere, ikasainidwa, imachititsa kuti zaka ziyambenso kuwerengedwa kuchokera pa ziro. Ndipo malo a mafumu, a boma ndi olembetsedwa m'kaundula ali ndi malamulo awoawo m'dziko lililonse, choncho musatenge zaka za ku England n'kupita nazo kwa a nyakwawa.

Munthu akatenga chinthu cha mnzake osapempha, kodi nthawi zonse ali ndi animus furandi?

Ayi. Amene watola ambulera ya mnzake pakhomo la tchalitchi poganiza kuti ndi yake sanabe, ngakhale wafika nayo kunyumba. Amene watenga khasu la mnansi n'kulibweza madzulo walakwa mwambo, koma m'malamulo a Angelezi kuba kumafuna mtima womulanda mwini chinthucho mpaka kalekale. N'chifukwa chake lamulo la ku England la mu 1968 lili ndi mlandu wapadera wa kutenga galimoto ya mwini n'kukayenda nayo kenako n'kuisiya, popeza mlandu wa kuba unkalephera kuwagwira anyamata otere.

Dziwaninso kuti wakuba safunika kudana ndi wobedwa. Kawirikawiri samudziwa n'komwe. Womasulira akalemba kuti woimbidwa mlandu anali ndi chidani, pomwe chigamulo chati animus furandi, wawonjezera nkhani imene khoti silinanene.

Pa nkhani ya wilo, animus imalowa pati?

Imalowa polemba ndi pofafaniza. Polemba, pamafunika animus testandi: munthu adziwe kuti pepala ili ndilo lidzagawe chuma chake akadzamwalira. Kalata yongouza loya maganizo, kapena zolemba zoseweretsa, si wilo ngakhale itasainidwa.

Pofafaniza pamafunika animus revocandi, ndipo apa pali mlandu umene ophunzira sauiwala, wa Cheese ndi Lovejoy wa mu 1877. Bambo wina anakhwatcha mizere ina ya wilo yake, n'kulemba kuseri kuti zonsezi zathetsedwa, n'kuiponya pa mulu wa mapepala otaya. Wantchito wa m'nyumba anaitola n'kuisunga kukhitchini. Patapita zaka bamboyo anamwalira, pepala lija linatulukira. Khoti linati wiloyo ikugwirabe ntchito. Mtima wothetsa unalipo, koma lamulo la mu 1837 linkafuna kuti pepalalo liwotchedwe, ling'ambidwe kapena liwonongedwe mwa njira ina, ndipo iye sanachite chilichonse mwa izi. Woweruza James ananena kuti kuwononga konse popanda mtima sikuthetsa wilo, ndipo mtima wonse popanda kuwononga suthetsanso.

Mbali inayo inaoneka pa mlandu wa Brunt wa mu 1873, pamene munthu anang'amba wilo yake mutu utasokonezeka ndi mowa. Pepala linang'ambika, koma mtima wothetsa panalibe, ndiye wilo inakhalabe. Amene akufuna kusintha wilo achite chinthu chosavuta: alembe yatsopano, yonena momveka kuti yathetsa zakale zonse, mboni zisaine monga lamulo la dziko lake likunenera, ndipo yakaleyo aiwononge yekha ali bwinobwino.

N'zoona kuti nyama nazonso zimakhala ndi animus?

M'malamulo a Aroma, inde, ndipo ndi imodzi mwa mfundo zawo zokoma. Loya Gaius, wa m'zaka za m'ma 100, anafunsa kuti: nkhunda zimauluka m'mawa n'kubwera madzulo, njuchi zimachoka mumng'oma n'kubwerera, ndiye zikakhala kutali ndi za ndani? Yankho lake linali loti ndi zanube malinga zili ndi animus revertendi, mtima wobwerera. Zikautaya mtimawo zasanduka za m'tchire, ndipo woyamba kuzigwira ndiye mwini.

Koma mtima wa nkhunda mungauone bwanji? Gaius anati timauonera pa chizolowezi. Ikasiya chizolowezi chobwera kukhola, tidziwe kuti mtima wobwerera watha. Aliyense amene anawetapo nkhunda akudziwa nthawi imeneyi: ziwiri zimayamba kugona pa denga la mnansi amene amamwaza gaga wambiri, masiku atatu, sabata, kenako zaikira mazira komweko. Nkhuku ndi atsekwe Aroma sankaziika m'gulu limeneli. Ankati si za m'tchire, choncho nkhuku yanu ikasochera ndi yanube kulikonse kumene ili, ndipo woigwira ndi mtima woisunga ndi wakuba.

Nanga animus manendi ikuwakhudza bwanji anthu okhala kunja?

Malamulo a Angelezi ndi a mayiko ambiri amasiyanitsa kumene munthu akukhala ndi kumene kuli kwawo mwalamulo, kumene amakutcha domicile. Kwawo kwa mwalamuloku n'kumene kumatha kulamula, mwa zina, kagawidwe ka katundu wonyamulika munthu akamwalira. Kuti musinthe kwanu pamafunika zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: kukhala m'dziko latsopanolo, ndi animus manendi, mtima wokhazikika komweko osaganiza zochoka.

Chichewa chili nawo kale mawu ake: kutchona. Amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Rhodesia ankasiyanitsidwa pomwepa. Wina amatha zaka 20 koma akutumiza ndalama, akumanga nyumba ya malata kumudzi, akunena kuti maliro ake adzapite kwawo. Wina wakwatira komweko, makalata anasiya, ana ake sadziwa dzina la mudzi. Woyambayo ndi wapaulendo, wachiwiriyo ndi mtchona.

Kuchuluka kwa zaka pakokha sikugamula. William Winans, wa ku America, anakhala ku England zaka 37 mpaka imfa yake mu 1897, koma House of Lords inagamula mu 1904 kuti sipanapezeke umboni wokwanira woti anataya kwawo kobadwira. Pomwe pa mlandu wina wa ku America wa mu 1888, wa White ndi Tennant, munthu anasintha kwawo tsiku lomwe anasamutsa katundu, chifukwa nyumba yakale anali ataisiyiratu. Khoti limayang'ana zinthu zooneka: kumene munagula nyumba, kumene kuli banja, unzika, zimene munalemba mu wilo, ngakhale manda amene munakonzeratu. Zonena za pakamwa zoti "ndidzabwerera" zimapepuka ngati zochita zonse zikuloza kwina.

Animus injuriandi ndiye chidani chenicheni, si choncho?

Yayandikira, koma sinafike. Ndi mtima wofuna kunyoza, kuchotsa ulemu kapena kuipitsa mbiri ya munthu, uku ukudziwa kuti n'kulakwa. Ndi mfundo yaikulu ku South Africa ndi ku Zimbabwe, kumene malamulo anachokera kwa Aroma kudzera kwa Adatchi, choncho a kwathu okhala ku Johannesburg kapena ku Harare ayenera kuidziwa asanalembe za munthu pa Facebook.

Ku South Africa zimayenda motere. Wodandaula akaonetsa kuti mawu oipitsa mbiri yake anafalitsidwa kwa munthu wina, khoti limayamba ndi kuganiza kuti wonenayo anali ndi mtima wonyoza, ndipo ndi ntchito ya wonenayo kutsutsa. Kunena kuti "ndimangocheza" si chishango chodalirika. Pa mlandu wa Le Roux ndi Dey, ana asukulu a ku Pretoria anapanga chithunzi cholaula pa kompyuta n'kuikapo nkhope za mphunzitsi wamkulu ndi wachiwiri wake. Iwo anati zinali nthabwala. Khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula mu 2011 kuti nthabwala imatha kunyoza, n'kuwalamula kupepesa ndi kulipira chipukuta misozi cha R25,000.

Malamulo a Angelezi anayenda njira ina: mtima wa wolemba safunsa kwenikweni. Nyuzipepala ina inalemba nkhani yoseketsa ya munthu wopeka dzina lake Artemus Jones, mkulu wa mpingo amene anaonedwa ku Dieppe, m'dziko la France, ndi mkazi wosakhala wake. Kunapezeka loya weniweni wa dzina lomwelo. Anasumira nyuzipepalayo, anapambana mapaundi 1,750, ndipo House of Lords inavomereza mu 1909 kuti kusadziwa kwa olembawo sikuwapulumutsa.

Ndiye tanthauzo la chidani limapezeka m'khoti liti?

Makamaka ku United States. Kumeneko animus yokhayokha, popanda mawu a Chilatini otsatira, inasanduka muyeso woyezera malamulo a boma. Mfundo yake ndi yoti boma likhoza kusiyanitsa anthu pa zifukwa zomveka, koma kungofuna kupweteka gulu losakondedwa si chifukwa chovomerezeka.

Inayamba kuoneka bwino mu 1973 pa mlandu wa Moreno. Nyumba ya malamulo inachotsa pa thandizo la chakudya makomo amene munkakhala anthu osakhala pachibale, ndipo zokambirana zake zinaonetsa kuti ankafuna kukhaulitsa achinyamata otchedwa ma hippie. Khoti lalikulu linathetsa lamulolo. Mu 1985 linachitanso chimodzimodzi pamene mzinda wa Cleburne ku Texas unakaniza chilolezo nyumba yosungira anthu 13 olumala ubongo. Mu 1996, pa mlandu wa Romer ndi Evans, linathetsa kusintha kwa malamulo a chigawo cha Colorado kokhudza amuna kapena akazi okondana okhaokha, ponena kuti palibe china chingakufotokoze koma animus. Koma muyesowu sugwira nthawi zonse: mu 2018 khoti lomwelo, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, linalola lamulo la Pulezidenti Donald Trump loletsa nzika za mayiko ena kulowa m'dzikolo, ngakhale odandaula anabweretsa zoyankhula zake ngati umboni wa chidani pa Asilamu.

Pa milandu ya ntchito palinso funso lovuta: bwanji ngati wachidani si amene wasaina kalata yochotsa ntchito? Mu 2011, pa mlandu wa Staub, khoti lalikulu linati ngati kapitawo wachidani walemba lipoti loipa ndi cholinga choti munthu achotsedwe, ndipo lipotilo n'limene lachititsa, olemba ntchito ali ndi mlandu ngakhale wosainayo anali ndi mtima woyera.

Khoti lingadziwe bwanji za mumtima mwa munthu?

Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo oweruza a ku England a zaka za m'ma 1400 ankanena zofanana, kuti ngakhale Satana sadziwa maganizo a munthu. Koma mu 1885 woweruza Bowen anayankha kuti mmene mtima wa munthu ulili ndi chinthu chenicheni mofanana ndi mmene m'mimba mwake mukugayira chakudya: n'chovuta kuchitsimikiza, koma n'chotheka.

Njira yake ndi ya Gaius ndi nkhunda zija. Saona mtima, amaona mapazi ake. Amayang'ana zimene munthu ananena asanachite ndi atachita, makalata ndi mauthenga a pafoni, kukonzekera, nthawi imene chinthu chachitikira, ndi mmene anachitira ndi anthu ena pa nkhani yofanana. Wantchito amene wachotsedwa patangopita sabata atalowa bungwe la ogwira ntchito, pa cholakwa chimene anzake asanu anangochenjezedwa, ali ndi poyambira. Chimene chimagwetsa odandaula ambiri ndi kubwera ndi kumva kwa mumtima kokha, "ndikudziwa kuti amadana nane", popanda tsiku, mawu enieni kapena mboni.

Musasokonezenso cholinga ndi chifukwa. Amene waba mankhwala kuti apulumutse mwana ali ndi chifukwa chomvetsa chisoni, koma mtima wotenga cha mwini ulipo ndithu. Chifukwa chimathandiza pochepetsa chilango, osati pofafaniza mlandu.

Kodi animosity, enmity ndi animus ndi mawu a banja limodzi?

Awiri okha. Animosity inachokera ku animositas, imene poyamba inkatanthauza kulimba mtima, ndipo inatembenukira ku udani cha m'ma 1600. Enmity ndi enemy zinachokera kwina, ku inimicus, kutanthauza wosakhala bwenzi.

Pa kagwiritsidwe, animosity ndi udani woonekera, wa anthu osapatsana moni. Enmity ndi udani wokhazikika wa mbali ziwiri, ngati wa mabanja olimbirana ufumu. Animus ndi yobisika ndipo imatha kukhala ya mbali imodzi, kampeni kumphasa: munthu akukusekerera koma zochita zake zonse zikukukankhira kuphompho.

Abale ena a mawuwa alibe chidani m'pang'ono pomwe. Unanimous ndi a mtima umodzi, magnanimous ndi wa mtima waukulu, pusillanimous ndi wa mtima waung'ono, ndiye kuti wamantha, ndipo equanimity ndi kukhazika mtima pansi.

Nanga za Jung zija?

Carl Gustav Jung, dokotala wa maganizo wa ku Switzerland amene anabadwa mu 1875 n'kumwalira mu 1961, anabwereka mawu awiriwa n'kuwapatsa ntchito yatsopano. Anati mwa mwamuna aliyense muli mbali yachikazi yobisika, anima, ndipo mwa mkazi muli mbali yachimuna, animus. Awa ndi maganizo a sukulu yake, ndipo akatswiri ambiri a lero amawaona ngati otengera zikhulupiriro za nthawi yake pa za amuna ndi akazi. Pomasulira, asiyeni mawuwa mmene alili n'kufotokoza, chifukwa "chidani" kapena "cholinga" zonse zingasocheretse.

Ku Mozambique ndimamva anthu akuti ânimo. N'zogwirizana?

Ndi mawu omwewo, atadutsa mu Chipwitikizi. Koma kumeneko anasunga mbali yabwino. Munthu wa ku Tete akauza wodwala kuti "Ânimo!", akumuuza kuti limbani mtima, ndipo desânimo ndi kutaya mtima. Udani amautcha animosidade. Amene anaphunzira Chipwitikizi asamale powerenga Chingelezi, chifukwa angamve ngati munthu akuyamikiridwa kulimba mtima pomwe akunenedwa zachidani.

Ndiwamasulire bwanji m'Chichewa, ndipo ndiwatchule bwanji?

Pa mawu a maloya, "mtima wa" kapena "cholinga cha" amakwana: mtima wokhazikika, mtima wobwerera, cholinga chothetsa wilo. M'chikalata cha khoti "cholinga" ndi wosamala kwambiri, popeza "mtima wakuba" amatha kumveka ngati khalidwe la munthu la masiku onse pomwe lamulo likunena za tsiku limodzi. Pamene nkhani ndi yoti munthu anachita akudziwa, "mwadala" amagwira bwino kuposa onsewa.

Pa tanthauzo la chidani, sankhani malinga ndi gwero lake. Ngati ndi pa gulu la anthu, lembani chidani cha tsankho. Ngati chinayamba ndi kulakwirana kwakale, ndi chakukhosi kapena mangawa. Kaduka ndi njiru musazigwiritse ntchito pokhapokha nkhaniyo ikunenadi za kusirira zimene wina ali nazo, pakuti animus siinena zimenezo payokha. Mkwiyo nawo sukwana, chifukwa umaphwa, pomwe animus imagona ndi kudzuka ndi mwini wake.

Potchula, Angelezi amakweza mawu pa "a" woyamba ndipo kumapeto kumamveka ngati "mas". M'Chilatini cha m'kalasi ndi cha kutchalitchi mumawerenga mmene alembedwera, a-ni-mus, ngati mukuwerenga Chichewa. Injuriandi mudzaipezanso italembedwa iniuriandi, chifukwa Aroma analibe chilembo cha j, ndipo pofufuza zigamulo pa intaneti muyenera kuyesa kalembedwe konse kuwiri kuti milandu ina isakuphonyeni.